Ndodo ya ku Sipeni ndi Phewa la Bambo

Wawizaght,
14 Julayi.

Wokondedwa mlongo wanga Addi,

Mtendere ukhale nawe. Ndiyambe ndafunsa za moyo wako, wa mlamu wanga Ikram, ndi wa ana, Sifaw ndi kamtsikana kako kosamva kaja. Chifuwa chija chinakusiya? Ndinakuuza kuti mankhwala mumapopera tomato m'mashedi apulasitikiwo adzakumaliza, koma iwe makutu unawasiya kuno tsiku lonyamuka.

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Alamu ako a Mimun ali bwino, akungolira ndi mtengo wa dizilo monga mwa masiku onse. Madzi m'damu akwerako chaka chino, ndipo azitona agwira bwino. Fadma, mwana wa a Rkia oyandikana nafe aja, anakwatiwa kumayambiriro kwa mwezi uno. Tinavina masiku atatu, ndipo utoto wa hina umene anandipaka pa ukwatiwo sunafufutike m'manja mpaka lero.

Moni wathera pamenepo. Tsopano khala pansi, chifukwa zimene ndikulembazi zandifika m'khosi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati tili m'masiku a makolo. Pa foni sindingathe. Ndikangoti halo, Bambo amakhala afika kale pakhomo panga, khutu lili tcheru, ndipo iwe umandidula pakamwa ndisanafike ndi pakati pomwe. Pepala sungalidule pakamwa. Ndapatsira Lahsen wa galimoto ya katundu uja, wandilonjeza kuti akupatsa m'manja.

Nkhani ndi ya ndodo yowedzera imene unawagulira Bambo. Inde, yonyezimira yako ija. Yatsala pang'ono kuwathyola phewa, ndipo ukapanda kulankhula nawo usanafike kuno mu Ogasiti, iwamaliza.

Ukukumbukira Lachisanu lija chaka chatha, titadya kusukusu wathu wa tirigu uja, anthu atadzaza pabwalo kudzaona mwana wochokera ku Sipeni? Unalowa m'chipinda cha Bambo n'kutulutsa ndodo yawo yakale, yomangamanga ndi ulusi wanga wolukira makapeti ija. Unaikweza m'mwamba kuti aliyense aione, umvekere bambo wa munthu wogwira ntchito ku Ulaya sangawedze ndi kamtengo kopirikitsira nkhuku. Anthu anaseka. Kenako unaithyola pa bondo, n'kuiponya pa mulu wa nkhuni za uvuni.

Bambo anaseka nawo, koma ine ndinawaona m'maso. Ndodo imene ija anawagulira ndi Mayi, atagulitsa bulangete loyamba limene analuka okha. Iwe unali ukuyamwa, ndiye sukudziwa. Komanso sunafunse.

Ndiye unatulutsa yakoyo m'chikwama chake cha zipi. Mamita anayi ndi theka, abale inu! Utailumikiza nsonga yake inakalowa m'nthambi za mkuyu. Kapepala ka mtengo unakasiya dala kakulendewera, usakane, ndimakudziwa kuyambira uli m'matewera. Umvekere wa sitolo kwanuko ku Almeria wati imeneyi ndiyo yodula kuposa zonse.

Iwe Addi, safunsa anadya phula. Imene ija ndi ndodo ya kunyanja yamchere. Munthu amaponya kamodzi, kutali, n'kuiimika mumchenga, iye n'kukhala pansi kumamwa tiyi. Bulakibasi sawedza choncho. Nsomba imeneyi imabisala m'mitengo yomira ndi m'ming'alu ya miyala, ndipo sidya nyambo yogona. Uponye kansomba kabodza, ukoke, ukagwedeze kuti kaoneke kamoyo, uponyenso. Kuyambira pa swala, pemphero la m'mawa lija, mpaka dzuwa pamutu munthu amaponya maulendo mazana awiri, mwina atatu. Bambo ali ndi zaka 72. Taganiza wekha.

Zimenezi ukanazidziwa ukanakhala kuti unkatsika nawo ku damu uli mwana. Koma iwe unkati nsomba zimanunkha, n'kuthawira ku mpira. Wonyamula thumba ndinali ine.

Ndipo mwambo wa kuno sunauiwale m'zaka khumi ndi ziwiri zimenezi. Mphatso ya mwana wakunja sikhala m'nyumba, imayenera kuyenda pamsewu anthu aione. Waiwala a Hammu, amene anavala jekete lachikopa la mwana wawo wa ku Italy chilimwe chonse, thukuta lili kamukamu? Kholo likasiya mphatso yotero pakona, ndiye kuti lamuvula mwana wake pagulu, anthu amati anagula chinthu chachabe. Ndiye Bambo, pofuna kukuveka ulemu iwe, anasenza chimtanda chakocho.

Chaka chatha anawedza nacho pang'ono, kuzizira kunabwera msanga n'kuwapulumutsa. Koma nyengo yowedza itangotsegulidwa mu Meyi, anayamba tsiku ndi tsiku. Amadutsa nacho dala pa tiyirumu ya pamsika. Azibambo a pamenepo, amene ntchito yawo ndi kutenthetsa mipando, amvekere a Moha, kodi mukufuna kuwedza nsomba za kutsidya muli chikhalire kuno? Wina akuti ayi, imeneyo ndi yogwetsera ndege. Bambo amangoyankha kuti ya mwana wanga iyi, ya ku Sipeni, chifuwa chili patsogolo.

Ine ndinazindikira pa tiyi. Ukudziwa mmene Bambo amathirira, ketulo m'mwamba kupitirira mutu, tiyi n'kumatsika ngati ulusi, thovu n'kudzaza m'tambula. Patatha masabata awiri ndinaona ketulo ikutsika. Lero pa phewa, mawa pachifuwa. Tsiku lina anathira mlomo wa ketulo utagunda tambula, tiyi wopanda thovu ndi pang'ono pomwe, ngati wothira ndi mlendo.

Nditafunsa anati ndi ukalamba. Nditafunsanso anati ndi mphepo ya m'mapiri. Kachitatu anandizazira, akuti kodi ndinakwatiwa kuti ndizilondera zigongono za anthu?

Amene anandiuza zoona ndi a Bennasser, anzawo a bwato aja. Anandipeza pamsika ndikusankha ubweya, n'kundikokera pambali. Amvekere Tuda mwana wanga, bambo akowo sawedzanso, amangozunzika. Akaponya kakhumi amakhala pansi m'bwato, dzanja lili lende. Akuti akawabwereka yawo amakana, amati m'mphepete muli maso, wina akamuuza Addi pa foni. A Bennasser anapukusa mutu, akuti paja manyazi anapha lambe.

Ndinawakokera kuchipatala ku Azilal ngati nkhosa yokaphedwa pa Idi, akukana njira yonse. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wosatafuna mawu. Atawaunika anati mtsempha wa paphewa wang'ambika theka. Wotsalawo ukangoduka ndi opaleshoni, ndipo pa msinkhu wawowu dzanja silidzakweranso kupitirira chifuwa. Anawafunsa kuti kodi agogo mumanyamula chiyani, matumba a simenti? Bambo anayang'ana pansi, amvekere ayi mwana wanga, ndimanyamula mphatso.

Ndikanakhala nawe pafupi nthawi imeneyo, wallahi, ndikanakumenya ndi nsapato pamaso pa dokotala.

Anawalamula kuti apume masabata atatu. Akatero angathe kuwedzanso, koma ndi ndodo yopepuka, yoponya chigongono chili pa nthiti. Chimtanda chija asachikhudzenso.

Masabata atatu amenewo Bambo anabwerera pa khoma. Iwe khomalo sukulidziwa, pa maliro a Mayi unakhala masiku asanu n'kubwerera ku tomato wako. Mayi atamwalira Bambo anakhala miyezi isanu ndi iwiri atatsamira khoma la kuseri, loyang'ana kumanda lija, osalankhula, buledi akumusiya theka. Amene anawachotsapo ndi a Bennasser ndi ndodo unathyola ija. Ndiye ndinawaona atatsamiranso pomwepo. Ndinati ayi, zimenezi sindizionanso kachiwiri.

Lachiwiri lina ndinawauza kuti ndikukagula utoto wa ulusi ku Beni Mellal. M'dengu ndinabisa kagudumu kokulungira ulusi ka ndodo yakale ija, nditakakulunga m'kansalu. Ndinakatola pa nkhuni tsiku lomwe lija, inu muli pa tiyi ndi kuseka.

Mu sitolo ya zowedzera munali amuna okhaokha. Mwini wake, wa tsitsi lonona ndi mafuta, atangondiona amvekere mayi mwasochera, za singano ndi khomo lachitatu. Anzake anaseka chikhakhali. Ndinamuuza kuti singano ndili nazo zambiri kunyumba, ina ndingamusokere nayo pakamwa. Ndinati ndikufuna ndodo ya bulakibasi, yosapitirira mamita awiri, ya munthu wa phewa lodwala, ndipo mtengo wake ukhale wa anthu, osati wa nduna.

Ananditulutsira yofiira, yowala ngati galimoto ya ukwati, akuti imeneyi ndi imene amagula mabwana a ku Casablanca. Ndinamasula kansalu kanga, n'kumangirira kagudumu.

Tamvera tsono, chifukwa izi n'zimene Bambo anandiphunzitsa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndodo sagula ndi maso, amagula ndi chala. Umayamba wamangirira kagudumu, chifukwa ndodo yopanda kagudumu imanama. Kenako umaigoneka pa chala chimodzi, patsogolo pang'ono pa pamene dzanja limagwira. Ikagona bwinobwino osapendekeka, imeneyo idzagwira nawe ntchito. Koma nsonga ikagwa pansi, udzakhala ukuinyamula tsiku lonse, ndipo lovutika ndi phewa.

Yofiirayo inagwetsa mutu ngati bulu wotopa. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inali yabwino koma chogwirira chake chinali chachikulu, cha manja a womanga nyumba. Wa tsitsi lonona uja anayamba kupuma mokweza, akuti mayi kodi mwabwera kudzagula kapena kudzasewera? Koma mkulu wina amene anakhala pa mpando pakhomo anamuletsa, amvekere musiyeni, simukuona kuti ameneyu ndi mwana wa msodzi? Kuseka konse kunathera pomwepo.

Yachisanu ndi chiwiri ndinaitulutsa ndekha pakona. Yotuwa, yafumbi, yopanda dzina loti munthu angalitchule pa tiyirumu. Nditaigoneka pa chala inangoti phee. Ndinakanikiza nsonga yake pansi, ndinapeza kuti kumutu ndi yofewa koma msana ndi wolimba, monga zifunikira pokoka nsomba m'mitengo. Kenako ndinazula kaubweya pa mpango wanga n'kukadutsitsa m'timphete tonse modutsa ulusi. Kamphete kosweka kamakola ubweya, ndipo kokola ubweya kamadula ulusi nsomba ili pa mbedza. Palibe kanakola.

Madirihamu 280, Addi. Chikwama chokha cha yako ija n'chodula kuposa pamenepo.

Nditafika nayo Bambo anakwiya. Akuti ndine wamwano, ndikufuna kudanitsa bambo ndi mwana wake, ndikabweze kumene ndaitenga. Ine ndinangoitsamiritsa pa khoma pambali pawo, n'kukalowa kukhitchini kumasuzumira pa kazenera. Anakhala osaiyang'ana mpaka swala ya masana. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kuitenga. Atazindikira kagudumu kaja anakasisita ndi chala chachikulu. Ndiye anaigoneka pa chala, iyo n'kugona.

Anakhala nayo choncho nthawi yaitali. Ndinawamva akutchula dzina la Mayi chapansipansi, Yamna. Ndinalira, sindikubisa.

Chithere masabata a dokotala aja akuwedzanso, ndipo phewa silikudandaula. Koma tamva mmene akuchitira. M'mawa amakoleka chimtanda chako pa phewa lamanzere, chili m'chikwama, n'kudutsa nacho pa tiyirumu kuti anthu aone. Akafika ku damu amachigoneka m'bwato. Yaing'onoyo imagona komweko, pansi pa chiguduli cha a Bennasser, ndipo amaitulutsa akazungulira kuseri kwa thanthwe kumene kulibe maso. Munthu wa imvi, wopita ku mzikiti kasanu pa tsiku, akuzembetsa ndodo yake yomwe ngati katundu wakuba. Chifukwa cha ndani?

Lachinayi lapitalo anagwira bulakibasi ya makilo atatu, kukamwa kwake kolowa chibakera. Ine ndinali nditawapititsira chakudya kumtunda, ndinaiona ikuphiriphitha. Chithunzi chake unachilandira. Unachitumiza kwa anzako onse, mpaka chinazungulira n'kubwerera kuno pa foni ya a Mimun, pansi pake utalemba kuti chodula sichinama. Ndikuuze lero: nsomba imene ija inagwidwa ndi ndodo yafumbi ya pakona. Yako anangoilumikiza kuti ajambulitse, kuti mtima wako ukondwe.

Zikanathera pamenepo ndikanakhala chete, bodza lake likanakhala la m'banja. Koma Lamlungu unaimba foni. Umvekere ukubwera ndi anzako awiri a kuntchito, mudzachita hayala bwato la injini, kuti adzaone Bambo akuponya ndodo ya ku Sipeni tsiku lonse. Bambo anati Inshallah mwana wanga, tidzawaonetsa.

Dzulo m'mawa ndawapeza kuseri kwa nyumba. Ailumikiza yonse, akuyesera kuponya pabwalo, akukukuta mano, thukuta lili chuchuchu. Akuti akuzolowetsa phewa, pofika Ogasiti likhala litalimba. Ndinawalanda. Tinakanganirana ndodo ngati ana, ine mayi wa ana anayi ndi bambo ondibala. Pomaliza anandiloza chala, akuti ndikangomuuza Addi, sadzadyanso buledi wa m'manja mwanga.

Ndiye ndakuuza. Buledi akadya wa kwa a Rkia, bola dzanja lonyemera likhalepo.

Nanenso ndili ndi mlandu, ndisadziyeretse. Tsiku unatulutsa ndodoyo ndinadziwa pomwepo kuti si ya kuno, chala changa chinadziwa ndisanaigwire n'komwe. Koma ndinaimba nthungululu pamodzi ndi amayi ena. Ndinaopa kukuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wako. Ndinakhala chete chaka chathunthu, ndipo phewa la Bambo lang'ambikira m'chete wangayo. Chimenechi chimandiwawa kuposa zonse, mwina n'chifukwa chake ndikukukalipira chonchi.

Ndikudziwa kuti unagula ndi mtima wabwino. Ndikudziwanso kuti ndalama imeneyo inatuluka m'chifuwa chako chotsokomolacho. Koma mtima wabwino wopanda kufunsa wavulaza munthu, ndipo wokonza ndi iwe, palibenso wina. Ine ndikalankhula ndi mwano. Dokotala akalankhula akuti ndi mwana wa dzulo. Mawu amene angawamasule ndi ako okha.

Usatumize ndodo ina, chonde, ndakugwira mwendo. Usatumize ndalama, usatumize mankhwala. Uimbe foni Lachisanu akatuluka mu mzikiti, nthawi imene amakhala pa tiyirumu, kuti ndi otenthetsa mipando aja amve. Uwauze kuti wolakwa ndiwe, sunadziwe kuti ndodoyo ndi ya kunyanja yamchere. Kenako uipemphe. Uwauze kuti wayamba kuwedza kunyanja ku Almeria ndipo ulibe ndodo, akubwereke. Bambo mphatso sangaitaye, koma mwana akapempha sangamumane. Adzayenda msika wonse akunyada kuti mwana wanga watengera ine, mpaka wandilanda ndodo.

Za kalatayi usatchule. Anzakowo ubwere nawo ngati ukufuna, kusukusu alipo wokwana. Koma iwe udzakhale m'bwato la a Bennasser, udzanyamule thumba, ndipo udzawapemphe Bambo akuphunzitse za chala. Akhala akudikira zaka makumi atatu kuti ufunse.

Ndikudziwa zimene ukunena pamene wafika apa, ukuti Tuda amakuza nkhani, Bambo pa chithunzi paja akuoneka amphamvu. Chabwino. Tulutsa foni yakoyo, tsegula chithunzicho. Nsomba ili ku dzanja lamanzere. Lamanja taliyang'anitsitsa, langogona pa ndodo, zala sizinafumbate. Tsopano chikulitse cha m'munsi, kuseri kwa mkanjo wawo, pamene pathera chogwirira. Uona dzanja lopaka hina ya pa ukwati wa Fadma.

Dzanja limenelo ndi langa. Bambo analephera kuidzutsa ndodo yako ngakhale kwa kanthawi kojambula. Ndinagwada m'matope kumbuyo kwawo, nditabisa mutu, ndikunyamula mphatso yako ndi manja awiri kuti iwo athe kukumwetulira.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Ikram, umuuze kuti mafuta a azitona ndamusungira. Ana uwapsompsone pamutu. A Mimun, a Bennasser ndi a Rkia akupereka moni. Mulungu akuchize chifuwa, akusunge pa msewu ndi pa nyanja, ndipo akutsegule makutu Lachisanu lisanafike.

Ndine mlongo wako, wokwiya koma wako ndithu,

Tuda.